Wodwala mtima asamangogonekedwa pamkeka

Zikomo amfumu, zikomo azibusa ndi mashehe, amayi ndi abambo nonse. Amene mwakhala kumbuyoko, mawu akapanda kufika mukweze dzanja.

Ndiyambire pakhomo. Munthu akatuluka kuchipatala cha Queens atadwala mtima kapena sitiroko, abale amamuyalira mkeka pakhonde. Madzi osamba amamutengera, nsima amamubweretsera pomwepo, akati adzuke akatseke chitseko amamva "khalani pansi bambo, mungagwe". Ndi chikondi chimenecho, sindikuchinyoza. Koma pakatha miyezi itatu munthu uja amabanika ngakhale popita kuchimbudzi, ndipo aliyense amati matenda akula. Nthawi zambiri chimene chakula si matenda. Miyendo ndiyo yatha mphamvu chifukwa chongokhala.

Madokotala nawonso kale ankagoneka odwala mtima pabedi masabata asanu ndi limodzi. Anasiya ataona zotsatira zake. Mu 1966 ku Dallas, ku America, anyamata asanu athanzi anagonekedwa pabedi masabata atatu osadzuka. Powayeza atadzuka, mphamvu ya mtima ndi mapapo inali itatsika ndi gawo loposa limodzi mwa magawo anayi. Patatha zaka 30 anawayezanso ali azibambo, ndipo zinapezeka kuti zaka 30 za kukula sizinawafooketse ngati mmene anawafooketsera masabata atatu aja. Amenewo anali anyamata opanda matenda. Nanga agogo a zaka 65? Akuluakulu ankati chiswe chimalowa m'mphasa yongoimika.

Chimene chimachitika m'thupi n'chosavuta kumva. Minofu ya m'miyendo ikazolowera kuyenda, imakoka mpweya wambiri kuchokera m'magazi ochepa, choncho mtima sufunika kupopa kwambiri kuti mufike kumsika. Mitsempha ya magazi imafewa ndi kutambasuka, ndipo kwa munthu wa BP, kuyenda kwa masiku onse kumatsitsa nambala ya pamwamba ija ndi 5 mpaka 8. Shuga amalowa bwino m'minofu. Tulo timabwera, nkhawa imachepa. Koma zonsezi zimabwera pamwamba pa mankhwala. Amene ayambe kuyenda n'kusiya mapilitsi chifukwa akupeza bwino akudziitanira sitiroko yachiwiri.

Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO, m'malangizo ake a 2020, limati munthu wamkulu, ngakhale amene ali ndi matenda okhalitsa monga BP ndi shuga, azichita zolimbitsa thupi zapakatikati kwa mphindi 150 mpaka 300 pa sabata, kuphatikizapo zolimbitsa minofu masiku awiri. Mphindi 150 ndiye kuti mphindi 30 kwa masiku asanu. Kumeneko n'kumene tikupita, osati poyambira.

Poyambira ndi kuchipatala. Pa tsiku lanu la kiliniki mufunse adokotala kapena anesi mafunso atatu: vuto la mtima wanga ndi lotani kwenikweni, ndingayambe kuyenda liti, ndipo ndi ntchito iti imene ndisagwire. Yankho alilembe m'buku lanu la kuchipatala. Ndikutero chifukwa mawu akuti matenda a mtima aphatikiza zinthu zosiyana. Pali amene mtsempha wodyetsa mtima unatsekeka. Pali amene mtima unakula ndipo ukulephera kupopa. Pali achinyamata amene timakomo ta m'kati mwa mtima tinawonongeka chifukwa cha zilonda za kukhosi za paubwana, aja amabayitsa penisilini mwezi ndi mwezi. Pali amayi amene mtima unafooka chakumapeto kwa mimba kapena atangobereka. Ambiri mwa amenewa amaloledwa kuyenda matenda akakhazikika, koma ena, monga amene kakomo ka mtima kanachepa kwambiri kapena amene mtima unatupa chifukwa cha kachirombo, amauzidwa kudikira kaye. Zimenezi sitingaziweruze pano pabwalo.

Mukaloledwa, sabata yoyamba muziyenda mphindi 5, zikatheka mpaka 10, kawiri kapena katatu pa tsiku, pamalo a flati pafupi ndi nyumba, muli ndi munthu wina. Kuzungulira pabwalo la nyumba kukwanira. Sabata iliyonse muwonjezere mphindi 3 mpaka 5 pa ulendo umodzi. Mukafika mphindi 20 mutha kuyenda kamodzi pa tsiku. Ambiri amafika mphindi 30 pakati pa sabata yachisanu ndi chimodzi ndi yachisanu ndi chitatu, ena amatenga miyezi itatu, ndipo palibe mpikisano. Choyamba kuwonjezera ndi nthawi, liwiro libwere pambuyo, chitunda chibwere pomalizira. Mukadwala kapena mukalekeza kwa sabata yathunthu, musayambire pamene munasiyira, mubwerere pa theka.

Tsono Blantyre ndi mzinda wa zitunda. Wokhala m'mphepete mwa phiri la Ndirande, ku Chilobwe pansi pa Soche, ku Bangwe kapena ku Chilomoni, akangotuluka pakhomo ndiye kuti akukwera kapena akutsika. Cholakwika chimene chimachitika kawirikawiri ndi ichi: munthu amatsetsereka kupita kumsewu, thupi lili pepuu, amadziona ngati wachira, amapitirira. Pobwerera ndi pamene chitunda chimamupeza atatopa kale, dzuwa litakwera. Muzipanga mosemphana. Ngati palibe malo a flati, muyambe ndi kukwera pang'onopang'ono muli ndi mphamvu, mubwerere motsetsereka. Ndipo muziwerenga nthawi, osati mtunda: ngati lero ndi mphindi 16, pa mphindi 8 mutembenuke, kaya mwafika pati. Bwalo la mpira la pasukulu ndi malo abwino kwambiri. Bwalo lalikulu lokwanira ukalizungulira kamodzi ndi pafupifupi mamita 350, ndipo ukatopa suli kutali ndi pamene unayambira. M'mbali mwa msewu wa Masauko Chipembere muli utsi wa magalimoto ndi njinga zamoto za kabaza, si malo a munthu amene wangotuluka kumene m'chipatala.

Nanga mudziwa bwanji kuti liwiro lakwana? Muziyenda mukucheza. Ngati mukutha kuyimba nyimbo ya kwaya yonse osapumira, mukuyenda pang'onopang'ono kwambiri, kupatula m'masabata oyambirira pamene zimenezo n'zoyenera. Ngati mukutha kulankhula chiganizo chonse koma kuyimba kukukanika, pamenepo ndi pabwino, thupi lafunda, kathukuta kayamba. Ngati mawu akutuluka limodzilimodzi, mwapyola, chepetsani.

Amene muli ndi wotchi kapena foni mutha kuwerenganso kugunda kwa mtima. Ikani zala ziwiri, cholozera ndi chapakati, pamkono m'munsi mwa chala chachikulu. Werengani kwa masekondi 30 n'kuchulukitsa kawiri. Muwerenge mutakhala pansi musanayambe, muwerengenso muli pakati pa ulendo. M'masabata oyamba mutatuluka m'chipatala, kugundako kusapitirire 20 pamwamba pa nambala ya pokhala. Ngati pokhala ndi 72, poyenda kusadutse 92. Koma tamverani apa amene mumamwa atenolol kapena carvedilol. Mankhwala amenewa ntchito yake ndi kuchepetsa liwiro la mtima, ndiye ngakhale muyende mwamphamvu nambala siikwera kwenikweni. Munthu amaona 85, amati ndidakali pansi, amawonjezera liwiro mpaka chifuwa kumanga. Inu muzidalira kucheza kuja kuposa nambala. Chimodzimodzi amene mtima wanu umagunda modumphadumpha.

Mphindi 5 zoyamba ndi mphindi 5 zomaliza muziyenda mofatsa, ngati mukuperekeza mlendo. Zoyambazo zimapatsa mitsempha ya mtima nthawi yotseguka. Zomalizazo anthu amazinyozera, pamene ngozi zambiri zimachitikira pomwepo. Poyenda, mitsempha ya m'miyendo imakhala yotambasuka, ndipo minofu ndiyo imafinya magazi kuwabweza kumtima. Mukaima mwadzidzidzi, kufinya kuja kumaleka, magazi amadikha m'miyendo, kumutu kumachepa, maso amachita mdima, munthu amagwa. Kwa omwa mankhwala a BP zimenezi zimachitika msanga. N'chifukwa chakenso mukangofika musathamangire kusamba madzi otentha kwambiri. Mukhale kaye mphindi 15.

Za nthawi. Mu Okutobala ndi Novembala muziyenda dzuwa lisanakwere, isanakwane 8 koloko, kapena madzulo ikadutsa 4 koloko. Kutentha kumakakamiza mtima kutumiza magazi ambiri kukhungu, ndipo amene amamwa mapilitsi okodzetsa, hydrochlorothiazide kapena furosemide, madzi amawathera msanga. Mu Juni ndi Julayi, kukagwa chiperoni, zimatembenuka: kuzizira kumafinya mitsempha, BP imakwera, ndipo amene amamva kupweteka pachifuwa amakumva msanga. Mudikire dzuwa lituluke, muvale juzi. Mukadya nsima yokhuta mudikire ola limodzi kapena awiri, chifukwa magazi amakhala apita kumimba. Odwala shuga amene mumabaya insulin kapena kumwa glibenclamide, musayende ndi njala, ndipo m'thumba muzikhala maswiti. Mukamva kunjenjemera, thukuta lozizira ndi njala yadzidzidzi, khalani pansi mudye, kapena musungunule masupuni ang'ono atatu kapena anayi a shuga m'madzi.

Tsopano ntchito za pakhomo, pamene ndikufuna tikhalitsepo. Anthu amaopa kuti wodwala ayende, koma salabadira akamunyamulitsa chigubu. Ngozi ili kuchigubuko. Lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi, ndiye chigubu cha malita 20 ndi makilogalamu 20. Pochikweza kumutu mumachita zinthu ziwiri zimene mtima wodwala umadana nazo: manja amapita pamwamba pa mutu, ndipo mumagwira mpweya n'kukankha ndi mimba. Mukagwira mpweya chotero, BP imalumpha nthawi yomweyo, magazi obwerera kumtima amachepa, ndipo mukamasula mpweya amabwera onse pakamodzi. Thumba la chimanga la makilogalamu 50, thumba la makala, kukankha galimoto yokana kulira, kuwaza nkhuni ndi nkhwangwa, kusinja pamtondo, zonsezi zili m'gulu lomwelo. Kudzikakamiza kuchimbudzi m'mimba mukauma kulinso momwemo, n'chifukwa chake masamba, nyemba, papaya ndi mgaiwa zili mbali ya nkhani ino.

Sindikunena kuti musagwire ntchito. Kusesa, kutsuka mbale, kuphika, kuchapa zovala zopepuka, kusankha nyemba, zimenezi muyambe m'masabata oyamba. Madzi muzitunga m'kachigubu ka malita 5, maulendo angapo, ndipo maulendowo ndiwo kuyenda kwanu kwa tsikulo. Khasu lidikire mpaka muzitha kuyenda mphindi 30 osabanika. Likafika, muyambe ndi kupalira, mphindi 10 n'kupuma, m'mawa. Kugalawuza nthaka youma isanagwe mvula, kapena kukweza mizere tsiku lonse, ndi ntchito yolemera kwambiri pa zonse, ndipo amene anadwala mtima afunse kaye kuchipatala. Opalasa njinga ya kabaza, kunyamula munthu wa makilogalamu 70 pa chitunda si zolimbitsa thupi zapakatikati. Muyambe nokha opanda katundu, pa flati. Amene munachitidwa opaleshoni yotsegula chifuwa, fupa la pakati pachifuwa limatenga masabata 6 mpaka 12 kuti ligwirane, ndipo m'nthawi imeneyo musanyamule choposa makilogalamu 4 kapena 5, ngakhale mdzukulu.

Zolimbitsa minofu sizifuna jimu. Tengani mpando wolimba wosagwedera, muutsamiritse kukhoma. Khalani, imirirani, khalaninso mofatsa osadzigwetsa, maulendo 8 mpaka 10. Pumani mphindi imodzi, bwerezani. Gwirani khoma, nyang'amani pa zala za kumapazi maulendo 10. Tengani mabotolo a theka la lita odzaza madzi, limodzi dzanja lililonse, pindani zigongono maulendo 10, ndipo zikapepuka musinthe mutenge a lita imodzi. Masiku awiri pa sabata, osatsatizana, mwina Lachiwiri ndi Lachisanu. Chinsinsi chake muziwerenga mokweza, chifukwa munthu amene akuwerenga mokweza sangagwire mpweya. Mpweya uzituluka pamene mukugwiritsa mphamvu.

Amene munachita sitiroko muli ambiri pano. Kafukufuku amene anachitika ku Queens n'kusindikizidwa mu 2016 anaonetsa kuti BP ndi HIV ndi zimene zikutsogolera pobweretsa sitiroko kwa anthu kuno, choncho omwa ma ARV nkhani iyi ndi yanunso, ndipo BP muziyezetsa mukapita kukatenga mankhwala. Kwa inu a sitiroko mdani woyamba ndi kugwa. Ndodo igwiridwe ndi dzanja lamphamvu, osati lofooka. Pokwera sitepe, mwendo wamphamvu utsogole. Potsika, utsogole wofooka. Masilipasi asiyeni, phazi lofooka siligwira silipasi, muvale nsapato yotseka kumbuyo. Owasamalira, muime mbali yofookayo, chakumbuyo pang'ono, mugwire m'chiuno kapena pa lamba. Musamudzutse pomukoka dzanja lakufalo. Minofu ya paphewa ikafooka, chimene chagwira mkono ndi timitsempha tokha, ndipo mukakoka phewa limaguluka n'kumapweteka miyezi yambiri, mpaka munthu kukana mafizo. Ku Queens kuli a mafizo, ndipo chapafupi pomwepo pali Kachere Rehabilitation Centre. Kumeneko akakuonetsani zoyenera mkono ndi mwendo wanu, ndipo mukazichite kunyumba tsiku lililonse, osadikira tsiku la kiliniki.

Amene mtima unakula, aja mumatupa mapazi, inu muziyenda modukizadukiza: mphindi ziwiri kuyenda, imodzi kupuma, kubwereza kasanu. Ngati pali sikelo, muzidziyeza m'mawa mutakodza musanadye. Mukakwera makilogalamu oposa 2 m'masiku atatu, amenewo si mafuta, ndi madzi akudzadza m'thupi. Mukaona kuti usiku mukufuna mapilo ambiri kuposa kale, kapena mukudzidzimuka mukubanika, tsiku limenelo si loyenda, ndi lopita kuchipatala. Madzi akumwa, tsatirani muyezo umene adokotala anakupatsani, musatengere malangizo a anthu athanzi akuti imwani ambiri. Mchere, WHO imati usafike magalamu 5 pa tsiku, kasupuni kang'ono kamodzi, kuwerengera ndi wa mu usipa wouma wothira mchere ndi timakyubu ta mu ndiwo.

Masiku ena osayenda ndi awa: thupi likatentha kapena mukadwala malungo, mukatsegula m'mimba kapena kusanza, BP ikafika 180 pamwamba kapena 110 pansi mutakhala chete, kapena chifuwa chikapweteka muli chikhalire.

Muli pa ulendo, imani pomwepo mukamva chifuwa chikumanga kapena kulemera ngati mwaikidwa mwala, ululu ukupita ku mkono, kukhosi, ku nsagwada kapena kumsana, chizungulire, mtima kugunda mosokonekera, kapena kubanika kosagwirizana ndi liwiro lanu. Amayi ndi odwala shuga nthawi zina samva ululu pachifuwa, amangomva nseru, kufooka ndi thukuta, n'kumati ndi zilonda za m'mimba. Khalani pansi motsamira. Amene munapatsidwa kapilitsi koika pansi pa lilime, ikani muli chikhalire, chifukwa kamatsitsa BP. Zikapanda kusintha pakatha mphindi 5, pezani galimoto, musayende wapansi kupita kusiteji. Ngati mukuganiza kuti ndi mtima ndipo aspirin samakuwengani, tafunani wa 300 mg. Koma mukaona kamwa yapindika, mkono wagwa, mawu akukokeka, imeneyo ndi sitiroko, ndipo pamenepo musapereke aspirin, phala kapena madzi. Sitiroko ina imabwera chifukwa mtsempha waphulika m'mutu, aspirin amawonjezera kutuluka kwa magaziko, ndipo munthu wa sitiroko amatsamwa msanga. Mumugoneke chammbali, mukumbukire nthawi imene zayambira, muthamange naye.

Ndaona dzanja uko. Inde mayi.

Akufunsa ngati kuvina ku kwaya kapena kumvano kukuwerengedwa. Kukuwerengedwa kwambiri mayi, ndipo n'kwabwino kuposa kuyenda nokha, chifukwa anzanu akakusowani amabwera kudzakutengani. Chokhacho, poyimba mukuvina mpweya umatha msanga, ndiye m'masabata oyamba musankhe chimodzi. Mukatha kuvina musaime njii pamzere nthawi yaitali, muziponda ponda pang'ono kapena mukhale pansi.

Pali kapepala kabwera kuno kopanda dzina, kakufunsa za m'banja. Musaseke, funso limeneli lili m'mitima ya ambiri. Kukhala malo amodzi ndi akunyumba kwanu kumalemetsa mtima mofanana ndi kukwera masitepe a nyumba zosanja ziwiri, kapena kuyenda mofulumira mphindi zingapo. Ngati zimenezo mukuzitha popanda kupweteka pachifuwa kapena kubanika, kawirikawiri palibe choletsa, koma osati mutangodya kapena mutamwa mowa. Abambo ena mphamvu zimachepa chifukwa cha mantha, ena chifukwa cha mankhwala monga atenolol ndi hydrochlorothiazide. Musasiye mankhwalawo mwakachetechete, mukauze adokotala, alipo ena amene angakusinthireni. Chimene ndikukuletsani ndi mapilitsi a mphamvu ogula pamsika kapena kwa mnzanu. Sildenafil, amene ambiri amamudziwa kuti Viagra, akakumana ndi kapilitsi ka pansi pa lilime kaja kapena mankhwala ena a kupweteka pachifuwa otchedwa isosorbide, BP imagwa mpaka munthu kukomoka, ndipo ena sadzukanso. Timabotolo tina togulitsidwa ngati zitsamba timakhala titasakanizidwa ndi mankhwala omwewo osalembedwa.

Amene munabwera ndi mabuku a kuchipatala, makina a BP ali patebulo apo pamthunzi. Mukhale kaye pabenchi mphindi 5 musanayezedwe, osacheza, mapazi onse pansi, ndipo ayambe ndi agogo.